Besi Yakale Kapena Yatsopano Yotengera Yakale: Musanatulutse Ndalama

Amene anagwirapo Precision Bass, gitala ya besi yamagetsi ya kampani ya Fender, ya kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1960 amadziwa zimene manja amamva. Kumbuyo kwa khosi kumakhala see ngati mpini wa khasu limene lalima zaka zambiri, penti itaperepeseka pamene mkono wa mwini wake unkatsamira, ndipo ukadonsa nsambo ya E usanailumikize n'komwe ku ampu (chokuzira mawu), thabwa lonse limanjenjemera pamimba pako. Mtima umangoti ndiitenge. Sindingamudzudzule munthu amene mtima wake watero, chifukwa wanganso unaterapo kangapo konse.

Koma pambali pake pamakhala patapachikidwa ina yooneka chimodzimodzi, yopangidwa chaka chatha potsatira miyeso ya yakaleyo, mtengo wake wotsika kangapo. Ogulitsa amati yoyambayo ndi vintage, yachiwiriyo ndi reissue. Funso limene oimba besi timakanganirana mpaka usiku ndi ili: ndalama zapamwambazo zikugula mawu kapena zikugula mbiri? Ndinenereretu maganizo anga. Zambiri mwa izo zikugula mbiri. Mbiri si chinthu chachabe, ndipo ine ndimaipatsa ulemu, koma munthu azidziwa chimene akulipira.

Kale wake uti?

Leo Fender anatulutsa Precision Bass mu 1951 ku Fullerton, m'chigawo cha California. Dzinalo, limene limatanthauza kusaphonya, linachokera ku mafureti, tizitsulo topingasa pakhosi. Woimba amene anazolowera chibesi chachikulu choimirira chija, chopanda tizitsulo pakhosi, tsopano ankatha kuponda noti yeniyeni mosaphonya. Yoyambayo inali ndi thupi lathyathyathya la m'mbali mwakuthwa. Mu 1954 analisema kuti lizikhala bwino pamimba ndi pamkono, mu 1957 anaika pickup (kachipangizo kotola mawu a nsambo) yogawika pawiri imene tikuidziwa lero, ndipo mu 1959 pamwamba pa khosi, pamene zala zimaponda, anayamba kuikapo thabwa la rosewood. Jazz Bass inabwera mu 1960, ya mapickup awiri ndi khosi lopyapyala: pafupifupi mamilimita 38 kumtunda kwenikweni, pamene la Precision ya nthawiyo linali cha m'ma 44.

Mu Januwale 1965 kampani ya CBS inagula Fender pa madola 13 miliyoni, ndipo apa ndi pamene otolera zida zakale analemba malire awo. Chilichonse chotuluka malirewo asanafike amachitcha pre-CBS ndipo mtengo wake ndi wa kumwamba. Zoona zake, zinthu sizinasinthe tsiku limodzi. Besi ya 1965 inapangidwa ndi anthu omwewo, pa makina omwewo, nthawi zina ndi zipangizo zotsala za 1964. Kusintha kunadza pang'onopang'ono. Cha kumapeto kwa zaka za m'ma 1960 penti yopyapyala ya nitrocellulose inayamba kulowedwa m'malo ndi yochindikala ya polyester. M'ma 1970 matupi ambiri a mtengo wa ash anayamba kulemera, ena kufika makilogalamu 5 n'kupitirira, ndipo Jazz Bass inayamba kumangidwa khosi ndi masikuluwu atatu m'malo mwa anayi. Komabe Jazz Bass yomweyo ya m'ma 1970, imene pickup yake yakumbuyo inasunthidwa pafupifupi sentimita imodzi kuyandikira bridge, chitsulo chogwira nsambo pathupi la besi, ndi imene oimba slap, omenya nsambo ndi chala chachikulu, amaifunafuna chifukwa cha mawu ake akuthwa. Woimba besi Marcus Miller watchuka nayo ya 1977.

Ndiye munthu akati "ndikufuna besi yakale," ndimayamba ndamufunsa kuti ya liti. Ya 1957, ya 1962 ndi ya 1978 ndi nyama zitatu zosiyana, m'manja ndi m'makutu momwe.

Mawu amene tikuwathamangitsawo

Pali mfundo imodzi imene inandisintha maganizo kuposa zonse. James Jamerson, amene anaimba besi pa nyimbo zambirimbiri za kampani yojambula nyimbo ya Motown ku Detroit, ankagwiritsa ntchito Precision ya 1962. Pamene ankajambula nyimbo zimene zinamutchukitsa m'ma 1960, besi imeneyo inali ya zaka zochepa chabe. Sinali vintage. Thabwa lake linali lisanagone zaka 60, maginito ake anali asanafooke, penti yake inali isanang'ambike. Mawu amene timawamva pa malekodi a nthawi imeneyo, amene timati ndi mawu a besi yakale, anatuluka m'zida zatsopano.

Chimene chinali "chakale" kwa Jamerson zinali nsambo. Ankaika za flatwound zonenepa za La Bella, zosalala kunja, ndipo sankazisintha pokhapokha itaduka. Pansi pa chivundikiro cha bridge panali kasiponji kogunda nsambo kuti mawu asamalire nthawi yaitali, monga mmene mabesi a Precision ankatulukira m'fakitale nthawi imeneyo. Nsambo zokhakhala za roundwound, zimene ambiri timaika lero, zinayamba kufala pambuyo poti kampani ya Rotosound yatulutsa zake mu 1966 mothandizana ndi John Entwistle wa gulu la The Who. Tengani reissue wamba, muike flatwound, mulowetse kasiponji pafupi ndi bridge, mutsitse batani la tone, lochepetsa kuthwa kwa mawu, mudonse ndi chala chimodzi pafupi ndi khosi. Mudzapezeka kuti mwayenda gawo lalikulu la ulendo wopita ku mawu ajawo. Tenganinso Precision yeniyeni ya 1962, muike roundwound zatsopano zachitsulo, muilumikize ku ampu yamakono. Idzalira ngati besi ya lero.

Katswiri wina wa besi, Jaco Pastorius, naye anali ndi Jazz Bass ya 1962, koma kwa iye inali gitala yogula pa kaunjika yoti agwirire ntchito. Malinga ndi mmene ankafotokozera mwini wake, anazula mafureti n'kupaka khosi guluu wolimba wa epoxy. Munthu atachita zimenezo lero pa besi ya chaka chimenecho, otolera zida akhoza kulira maliro.

Nanga kusiyana kwenikweni kuli pati?

Sindikunena kuti palibe kusiyana. Kulipo, koma sikuli pamene ambiri amaloza.

Tiyambe ndi pickup, chifukwa ndi imene imatola mawu. Ndi timaginito tokulungidwa ndi kawaya kakopa kopyapyala ngati tsitsi, kozungulira maulendo masauzande angapo. M'zaka zoyambirira antchito ankalondolera kawayako ndi dzanja makina akuzungulira, ndiye mapickup awiri a sabata imodzi sankafanana ndendende. Mmodzi mwa antchito amenewo, Abigail Ybarra, analowa ku Fender mu 1956 n'kudzapuma mu 2013, ndipo mapickup okhala ndi dzina lake amafunidwa mpaka lero. Kusafananaku kukutanthauza kuti palibe "mawu a 1962" amodzi. Ina imatuluka yakuda ndi yonenepa, ina yowala. Opanga mapickup a masiku ano, monga Seymour Duncan ndi Lindy Fralin, anatsegula akalewo, anawayeza, ndipo amakulunga atsopano ndi maginito a Alnico ndi waya wa mtundu womwewo. Pa ziwalo zonse za besi, ichi ndi chimene chimakoperedwa bwino kwambiri, ndiponso n'chosavuta kusintha.

Za thabwa ndi zimene zimautsa mkangano waukulu. Ena amalumbira kuti mtengo umene wauma zaka 60 umalira mwina. Pa gitala ya bokosi, imene mawu ake amachokera m'kunjenjemera kwa thabwa lopyapyala, ndingavomere msanga. Pa besi yamagetsi ya thupi logwirana, ine ndimaona kuti malo amene pickup yakhala, mtundu wa nsambo, kutalika kwa nsambo kuchoka pakhosi ndi dzanja la woimba zimaposa msinkhu wa thabwa kutalitali. Chimene ndimakhulupirira pa thabwa lakale ndi china: khosi limene lakhala lowongoka zaka 60, likukokedwa ndi nsambo usana ndi usiku, lasonyeza kale khalidwe lake. Latsopano silinayesedwe. Komanso mabesi akale amene akuzungulirabe m'manja mwa oimba ndi amene anapulumuka chifukwa anali abwino. Oipa ambiri anaphwasulidwa kalekale. N'chifukwa chake yoperepeseka nthawi zambiri imalira bwino kuposa yonyezimira imene inagona pansi pa bedi. Sinakome chifukwa choperepeseka. Inaperepeseka chifukwa inali yokoma, anthu osafuna kuitula.

Ndinayesapo mabesi awiri a mtundu umodzi ndi chaka chimodzi cha m'ma 1970, pa ampu imodzi, tsiku limodzi. Ina inali ndi moyo, noti iliyonse ikutuluka yodzaza. Inzakeyo inali yolemera ngati mwala, mawu ake ofota msanga. Chaka cholembedwa pakhosi chinali chimodzi, mtengo wogulitsira unali pafupifupi umodzi. Kuyambira tsiku limenelo ndinasiya kukhulupirira chaka pachokha.

Penti nayo amainenera zambiri, kuti ya nitrocellulose imalola thabwa kupuma. Thabwa lodulidwa silipuma, ndipo ngakhale m'ma 1960 pansi pa pentiyo ankayamba apaka mankhwala olimba otseka timabowo ta thabwa. Ubwino weniweni wa nitro uli m'manja ndi m'maso: ndi yopyapyala, imatha mokongola, imachita timing'alu tosalala ndi kufiirira pokalamba. Kuipa kwake, imasungunuka ikakhudzana nthawi yaitali ndi labala kapena pulasitiki wa pa zoimikira magitala zina. Izi zimachitika pa yakale ndi pa reissue ya nitro yomwe.

Pamene yakale imapambana mosakayikitsa ndi pakhosi. M'mbali mwa thabwa la zala mumakhala mutakulungika ndi zaka za kugwiridwa, vanishi ya kumbuyo itatha mpaka dzanja kumangotsetsereka. Opanga amakono amayesetsa kutengera zimenezi ndi sandipepala, ena amafika pafupi kwambiri, koma khosi limene lasemedwa ndi dzanja la munthu woimba usiku ndi usiku lili ndi kukoma kwakekwake. Ngati pali chifukwa cha woimba, osati cha wosunga chuma, chogulira yakale, n'chimenechi.

Mitolo imene yakale imabwera nayo

Leo Fender anapanga zida zake kuti zizikonzeka mosavuta: khosi limachoka pomasula masikuluwu anayi, mawaya onse ali poyera. Nzeru yomweyo ndi imene imapangitsa kuti msika wa zakale udzaze ndi zosakaniza. Khosi la 1963 likhoza kukhala pa thupi la 1972, kapena pa thupi losemedwa chaka chatha n'kulikalambitsa dala. Kachitsulo ka kumbuyo kokhala ndi nambala ya siriyo kamasunthika mphindi ziwiri, choncho nambala payokha si umboni.

Wogula wanzeru amapempha kuti khosi lichotsedwe aone deti lolembedwa kumapeto kwake, limene poyamba linkalembedwa ndi pensulo, kenako kuyambira mu 1962 ndi chidindo. Amayang'ananso manambala a pa mapot, tizipangizo ta kuseri kwa mabatani a voliyumu ndi tone. Manambala atatu oyamba amatchula wopanga, 137 ndi CTS ndipo 304 ndi Stackpole, otsatirawo amatchula chaka ndi sabata. Mwachitsanzo 1376423 ndi pot ya CTS ya sabata la 23 la 1964, ndipo besi imene ili ndi pot imeneyo kuchokera kufakitale singakhale ya 1962. Amaona ngati mawaya anawotchereredwanso, ngati pali mabowo a masikuluwu osadziwika ntchito yake, ngati pansi pa pickguard, chivundikiro cha pulasitiki cha pathupi, thabwa linakumbidwapo kuti mulowe batire. Akatswiri amaunikanso penti ndi nyali ya ultraviolet kuti aone pamene panapakidwanso. Besi yopentedwanso mtengo wake umagwa kwambiri, kawirikawiri kufika cha m'ma theka. Safunsa anadya phula, ndipo wogulitsa amene akukana kuti khosi lichotsedwe pa chida cha ndalama zochuluka chotere wakuyankhani kale.

Choopsa kuposa zonse ndi truss rod, chitsulo cha m'kati mwa khosi chimene chimalimbana ndi kukoka kwa nsambo. Mnzanga wina anagula besi yakale yokongola kwabasi pongoona zithunzi. Itafika anapeza kuti nsambo zili kutali ndi khosi, ndipo atati amange chitsulocho anapeza chinafika kale pamapeto, sichingazungulirenso. Chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere. Kukonza kwake kunafuna mmisiri wodziwa kuwongola khosi ndi kutentha, ndipo ngakhale pamenepo silinabwerere mwakale. Palinso vuto lina la makosi okalamba: mafureti omalizira, pamene khosi lalowa m'thupi, amatukuka, ndiye noti za kumtunda zimangolira phokoso. Mafureti otha amasinthika, pickup yoduka waya imakulungidwanso, koma chilichonse chimene mwasintha chikudya mtengo wa chinthu chimene munagula chifukwa choti n'chosasinthidwa. Apa ndi pamene mwini besi yakale amakhala pamphambano: akaikonza kuti iimbike bwino yatsika mtengo, akaisiya ikumuvuta kuimba.

Kwa oyenda maiko pali nkhani ya malamulo. Rosewood wa ku Brazil, amene ali pa makosi ambiri a Fender a kuyambira 1959 mpaka chapakati pa zaka za m'ma 1960, anaikidwa mu 1992 pa mndandanda wokhwimitsitsa wa pangano la CITES loteteza zachilengedwe zimene zikutha. Kudutsa naye malire a dziko kumafuna zikalata. Mitundu ina ya rosewood inakhwimitsidwanso mu 2017, koma mu 2019 zida zoimbira zopangidwa kale zinamasulidwa. Wa ku Brazil yekha sanamasulidwe. Onjezani inshulansi, onjezani nkhawa ya akuba ndi ya munthu woledzera amene wapunthwa pa chingwe pasiteji. Ndikudziwa oimba amene anagula yakale ya maloto awo, lero imakhala m'bokosi kunyumba, kuntchito amapita ndi ina.

Reissue ya ku kampani yeniyeniyo

Fender inayamba kupanganso mabesi ake akale mu 1982: Precision ya 1957, Precision ya 1962 ndi Jazz ya 1962. Taganizirani izi. Pa nthawiyo besi ya 1962 inali ya zaka 20 zokha, pamene ma reissue oyambawo lero adutsa zaka 40 ndipo nawonso ayamba kusakidwa ngati zakale. Mzere umenewu wasintha mayina kangapo. Wa ku America pano ndi American Vintage II, umene unayamba mu 2022, wa ku Ensenada ku Mexico ndi Vintera, ndipo wotsika mtengo kwambiri ndi Squier Classic Vibe.

Ubwino wake ndi woonekeratu. Mukudziwa chimene mwagula, mafureti ndi atsopano, truss rod ili ndi malo onse oyendamo, ikabedwa kapena kuthyoka mupeza ina. Mukhoza kuyesa zisanu m'sitolo n'kusankha yopepuka ndi yolira bwino, mwayi umene pa zakale supezeka kawirikawiri. Mukafuna kusintha pickup kapena kuika zotchinga phokoso la magetsi m'kati, palibe amene angakuimbeni mlandu.

Koma dziwani kuti reissue yokhulupirika imakoperanso zovuta za kale. Truss rod imamangidwira kumapeto kwa khosi, kumene lalowa m'thupi, ndiye pofuna kuisintha pang'ono pokha nthawi zambiri mumayenera kumasula khosi kapena pickguard. Kumalo kumene nyengo imasinthasintha pakati pa chinyezi ndi kuuma, ntchito imeneyi imatopetsa. Thabwa la zala limakhala lokulungika kwambiri, muyeso wa mainchi 7.25 pamene zamakono zambiri ndi 9.5, mafureti ndi ang'onoang'ono, ndipo pa zina makiyi ochunira amazungulira chobwerera monga ankachitira kale. Ena amazikonda zimenezi, ine ndimakonda khosi lotero, koma wozolowera besi yamakono aziyese kaye. Ndipo yatsopano imatsika mtengo tsiku limene mwatuluka nayo m'sitolo. N'chifukwa chake reissue yogwiritsidwapo kale ntchito zaka zingapo ndi imodzi mwa njira zanzeru kwambiri pa nkhani yonseyi: kutsikako analipira ndi wina.

Pa Squier ndinene mwachidule. Matabwa ndi kasemedwe kake masiku ano n'zabwino moti ambiri amadabwa. Pamene amachepetsa ndalama ndi pa makiyi, mapot, ndi kamalizidwe ka mafureti. Mmisiri wabwino akaikhazika bwino, mwina n'kuisintha pickup, imagwira ntchito pasiteji iliyonse. Musangoyembekezera kuti ndalama zokonzerazo mudzazipezanso pogulitsa.

Zokalambitsidwa dala

Fender Custom Shop inatsegulidwa mu 1987, ndipo mu 1995 inayamba kugulitsa zida zatsopano zokalambitsidwa dala, zimene amazitcha relic. Lero amisiri ang'onoang'ono ambiri amachita zomwezo. Anthu ena amanyansidwa nazo, amati ndi zipsera zogula. Ine pa maonekedwe ndilibe nazo chidwi, koma khosi lochotsedwa vanishi ndi kukulungidwa m'mbali limakomadi m'manja, ndipo amisiri amenewa amasankha matabwa opepuka mosamala. Vuto ndi mtengo. Zina zimafika pofanana ndi besi yeniyeni ya m'ma 1970, ndipo pamenepo muyenera kudzifunsa ngati mukufuna yakale yongoyerekeza yopanda matenda kapena yeniyeni yokhala ndi matenda ake.

Pali gulu linanso limene silikopera ndendende koma limatenga thupi la Jazz kapena Precision n'kukonza zimene oimba ankadandaula nazo. Roger Sadowsky wa ku New York, yemwe anaika preamp, kachipangizo ka batire kokometsa mawu, mu besi ija ya Marcus Miller, ndi mmodzi mwa amene anatsegula njira imeneyi, ndipo Lakland ya ku Chicago ndi ena anatsatira. Ngati ntchito yanu imafuna nsambo yachisanu ya B yotsika, nkhani ya vintage yathera pomwepa, chifukwa mabesi a Fender a zaka zimenezo alibe. Ngakhale Bass V imene Fender inatulutsa mu 1965 nsambo yake yachisanu inali C yokwera.

Njira ziwiri zapakati zimene ndimazikonda

Yoyamba ndi yakale yovulala, imene ogulitsa amaitcha player grade: yopentedwanso, yosinthidwa mafureti kapena makiyi, mwina pickup yokulungidwanso. Otolera zida amaidutsa, ndiye mtengo umatsika kwambiri, koma khosi lija ndi thabwa lija zilipo. Kwa munthu amene akufuna kumva m'manja zimene ndinanena poyamba paja, ndipo akufuna kuimba nayo osati kuisunga, iyi ndi njira yolunjika. Simuopa kuikanda, simuopa kuikonza. Chofunika n'chakuti wogulitsa anene zonse zimene zinasinthidwa, mtengo ugwirizane nazo, ndipo khosi likhale lathanzi.

Yachiwiri ndi ya ku Japan. Kumapeto kwa zaka za m'ma 1970 makampani monga Tokai, Greco ndi Fernandes ankapanga makope abwino kwambiri a zida za ku America, moti mu 1982 Fender inakhazikitsa Fender Japan, zida zake zikupangidwa ku fakitale ya FujiGen. Zoyambirira, zimene nambala yake imayamba ndi JV, za 1982 mpaka 1984, zili ndi mbiri yabwino imene inaziyenera. Pamene CBS inagulitsa Fender mu 1985 kwa gulu lotsogoleredwa ndi Bill Schultz, fakitale ya Fullerton sinali m'gulu la zogulitsidwazo, ndipo kwa kanthawi zida za ku Japan ndi zimene zinanyamula dzinalo. Besi ya ku Japan ya m'ma 1980 kapena 1990 imakupatsani thabwa limene lakhazikika zaka 30 kapena 40 ndi ntchito ya manja yaukhondo, pa mtengo woyandikana ndi reissue yatsopano. Zina za mtengo wotsika zinali ndi mapickup ndi mapot wamba, koma zimenezo ndi zosinthika.

Kunja kwa Fender masamu amasintha

Pa Rickenbacker 4001, imene inayamba mu 1961, zitsulo ziwiri za m'khosi sizimangidwa ngati za masiku ano. Umayamba wawongola khosi ndi manja kenako n'kumanga, ndipo ambiri osadziwa anatukula nazo thabwa la zala. Ya 4003, imene inalowa m'malo mwake kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1980, inapangidwa kuti ipirire nsambo za roundwound, ndipo kuyambira 2006 ili ndi batani lokoka limene limabwezeretsa mawu opyapyala a 4001. Apa ine ndingatenge yatsopano mosazengereza.

Gibson Thunderbird ya 1963 ili ndi mutu wosachedwa kuthyoka, moti zambiri zakale zinalumikizidwapo ndi guluu. Kulumikiza kwabwino kumalimba, koma mtengo uzisonyeza. Höfner 500/1, besi yopepuka yooneka ngati vayolini imene Paul McCartney anagula ku Hamburg mu 1961, ndi ya bokosi lopanda kanthu m'kati ndipo khosi lake ndi lomata. Zakale zambiri zimafuna kuti khosilo lichotsedwe n'kumatidwanso pa ngodya yoyenera, ntchito ya mmisiri weniweni. Pa StingRay ya Music Man, imene inatuluka mu 1976 Leo Fender ali m'gulu la oipanga, anthu amasaka za m'mbuyo mwa 1984 pamene Ernie Ball anagula kampaniyo, koma zopangidwa pambuyo pake n'zolimba ndi zofanana bwino moti kusiyana kwa mtengo n'kovuta kukuikira kumbuyo ndi makutu okha.

Ndiye nditenge iti?

Ngati besi ndi khasu lanu, mumaimba nayo sabata ndi sabata m'malo osiyanasiyana, tengani reissue, makamaka yogwiritsidwapo kale ntchito, kapena ya ku Japan. Ndalama zotsalazo zipite ku ampu yabwino, nsambo zoyenera ndi mmisiri woikhazika bwino, chifukwa zitatu zimenezi omvera adzazimva. Ngati mumagwira ntchito m'situdiyo ndipo mwakumana ndi yakale imodzi imene ikulira mwa njira imene ina iliyonse sikulira, ndipo mwaiyerekeza ndi zina pa ampu imodzi, igulenidi. Mukugula chida chimenecho, osati chaka chake. Ngati mumakonda mbiri, mukufuna kugwira chinthu chimene chinatuluka ku Fullerton Leo Fender akadali pomwepo, chimenecho ndi chifukwa chokwanira ndipo simuyenera kuchibisa kuseri kwa nkhani ya mawu. Koma amene akugula kuti adzapindule pogulitsa akumbukire kuti mitengo ya magitala akale inagwa pambuyo pa mavuto a zachuma a 2008, ndipo chida chotere chimatha miyezi chikudikira wogula.

Iliyonse imene mwaloza, iyeseni chimodzimodzi. Yambani osailumikiza ku ampu, mumve ngati thabwa likuyankha. Yang'anani khosi kuchokera kumutu ngati mukuyeza thabwa la mpando, muone ngati lapotoka. Pemphani kuti truss rod izunguliridwe pang'ono uku ndi uku inu mukuona. Pondani fureti iliyonse pa nsambo iliyonse mpaka kumapeto, ndipo muchedwe pa nsambo ya G pakati pa fureti 5 ndi 7, pamene mabesi ambiri a mtundu wa Fender, akale ndi atsopano omwe, ali ndi noti imene imafa msanga. Pa ina imangofooka pang'ono, pa ina imazimiririka. Ngati n'kotheka mnzanu akupatsireni mabesiwo inu mutatsinzina. Kenako ikani lamba paphewa muimbe mutaimirira mphindi 20 zathunthu, chifukwa makilogalamu 5 samveka kulemera m'mphindi ziwiri zoyambirira.